Samusa sakazingidwa mwaphuma

Mwezi wa Ramadhani ukafika, kwathu kuno kumayamba kununkhira cha m'ma 4 koloko madzulo. Ine si Msilamu, koma mphuno ilibe mpingo. Fungolo limachokera kuseri kwa mpanda, kwa mayi ena a ku Mangochi amene takhala nawo moyandikana kwa zaka ndithu. Dzuwa likalowa, iwo akamamasula, mwana amagogoda pageti pathu atanyamula kambale ka masamusa anayi. Pa tsiku la Idi kambaleko kamasanduka beseni.

Masamusa amenewa ndiwo adandiwonongera a m'tauni. Mukuwadziwa aja a m'chibekete, ogulitsidwa padepoti: ofewa lobodo ngati chitumbuwa chogona, ukaluma umapeza mphepo yokhayokha, kenako kumapeto kwenikweni kachidutswa ka anyezi ndi nyenyeswa zitatu za soya. A mayi aja amathetheka m'kamwa, zinyenyeswa n'kumagwera pamalaya, ndipo nyama imayambira pangodya yoyamba.

Chaka chino ndidati nanenso ndiphike ndekha. Akunyumba adandiseka, n'kundipatsa chiwaya ndi mbaula, iwo n'kukakhala pakhonde ngati oonerera mpira. Ndidakanda fulawa wofewa ngati wa mandasi, n'kumupsinja ndi botolo, n'kuikamo nyama yotentha ya msuzi wake womwe, n'kuponya m'mafuta ofuka utsi. Sipadathe mphindi imodzi, kunja kudada bii. Atatu adaphulika, mafuta n'kundithothera padzanja. Amene adapulumuka, m'kati mudali phala.

Utsiwo ndiwo udaitana mayi aja. Adasuzumira pampanda.

"Achimwene, mukuwotcha chiyani kumeneko, matayala?"

"Masamusa, amayi."

"Phulani mafutawo. Mawa mubwere kuno musanayambe china chilichonse, mudzaone ndi maso."

M'mawa mwake ndidapita ngati mwana wa sukulu. Choyamba chimene ndidaphunzira n'chakuti samusa ndi chikopa chake. Zam'kati aliyense akhoza kuphika. Pa makapu awiri a fulawa mayi aja amathira kamchere, masipuni awiri a mafuta ndi madzi pang'onopang'ono, kukanda mpaka kulimba, osati kumata m'manja. Amavindikira kwa theka la ola kuti pomupsinja asamabwerere m'mbuyo ngati mphira. Kenako amaumba timipira, n'kupsinja kalikonse kukula ngati sosala.

Apa ndiye pali ufiti wake. Kachimbale kalikonse amakapaka mafuta, kuwaza fulawa wouma pamwamba, n'kusanjikiza china, mpaka zinayi kapena zisanu. Mulu wonsewo amaupsinjira pamodzi mpaka kukula ngati mbale ya nsima, n'kuuika pachiwaya chouma chotentha pang'ono. Satero kuti zipse ayi, amangofuna kuti zifunde ndi kuuma nkhope. Akatembenuza kawiri katatu, m'mphepete mumayamba kutukuka, ndipo iwo amasenda chimodzichimodzi ndi chala, zikutuluka zopyapyala moti mizere ya m'manja mwawo imaonekera. Ine poyesa ndidang'amba ziwiri. Sadakalipe, adangoti zimenezo tikazingira ana. Akatero amadula mizere yotambalala ngati zala zinayi n'kufunditsa ndi kansalu konyowa, poti mphepo ikazipeza zimauma n'kumathyoka popinda.

Zam'kati nkhani yake ndi yaifupi: nyama yogaya, adyo, jinja, mchere, kale ndi tsabola wa kambuzi ngati mumalimba naye. Iphikeni mpaka madzi onse aphwe, anyezi alowe kumapeto, ndipo dikirani zizirale. Msuzi ndiwo udaphulitsa anga aja. Madzi akakumana ndi moto amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi ikasowa potulukira imadzibowolera yokha.

Kupinda kwake sindingakufotokoze munyuzipepala, monga mmene simungaphunzirire kumanga duku pawailesi. Mumapinda kawiri kuti patuluke kathumba ka ngodya zitatu, kudzazamo supuni imodzi, n'kumata ndi phala la fulawa ndi madzi. Ngodya iliyonse itsekeke. Pakatsala kabowo, mafuta amalowa n'kukhala m'kati momwemo kudikira malaya anu.

Tili pakati pokulunga, mayi aja adati masamusa ndi a amwenye a ku Limbe. N'zoona kuti kuno adafika ndi amalonda a ku India, ambiri mwa iwo ochokera ku Gujarat, koma nawonso amwenyewo adachita kulandira. Dzinali lidachokera ku mawu a Chiperezi akuti sanbosag, ndipo mabuku a zophika a Aluya adalemba za chakudyachi zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco uja amene adafikanso ku Kilwa m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, adadya masamusa kunyumba yachifumu ya Muhammad bin Tughluq ku Delhi m'zaka za m'ma 1300. Akewo adali a nyama, anyezi, zonunkhiritsa ndi mtedza wa kumeneko wa mitundumitundu. Mbatatesi mudalibemo, tsabola wowawa mudalibenso, chifukwa zonsezi kwawo ndi ku America ndipo zidafika ku India pambuyo pake ndi zombo za azungu. Ndiye amene amati samusa weniweni ndi wa mbatatesi ndi nsawawa, wa chikopa chochindikala ngati wa ku Punjab, asatinyoze ife a nyama; athuwa ndiwo akufanana ndi akalekalewo. Ku Tanzania ndi ku Kenya amati sambusa, anzathu a ku Mozambique amati chamuça. Za soya zija ndiye nzeru za umphawi wathu, ndipo sindizinyoza: akathira anyezi wokwanira zimadyeka bwinobwino.

Pokazinga ndi pamene ndidaona kuti vuto langa lidali khalidwe, osati fulawa. Mayi aja adayamba ndi kuphula makala ena pambaula. Adaponya kachidutswa ka chikopa m'mafuta. Kadamira, n'kukhala kaye pansi pang'ono, kenako n'kukwera mwaulemu ndi tithovu tochepa. "Kakangoti tumphu nthawi yomweyo, achimwene, ndiye kuti mwapsereza kale." A mbaula zamagetsi ndi zoyezera kutentha amati madigiri 160 mpaka 170. Mafuta akapsa kuposa apo amadetsa kunja m'kati musanaume. Akazizira kwambiri samusa amamwa mafuta ngati chinkhupule. Amaikamo asanu okha nthawi imodzi kuti mafuta asazizire, n'kumatembenuza kwa mphindi zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, mpaka afiire ngati uchi. Ine pamenepo phazi likugunda pansi, ndikufuna kukoleza moto. Iwo, amene kuyambira m'bandakucha sadalawe ngakhale dontho la madzi, ali phee, akutembenuza chakudya choti adya dzuwa likalowa. Ndidachita manyazi.

Akavuula amayala pa lichero loyalapo pepala, mosasanjikiza, ndipo savindikira mpaka atazirala. Nthunzi yomwe ija ikatsekeredwa imabwerera m'chikopa, ntchito ya tsiku lonse n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake kambale kobwera kwathu kaja kamabwera kopanda chivindikiro, ine n'kumaganiza kuti mwana waiwala.

Loweruka lapitali ndidabwereza ndekha. Ndidakulunga 30, adaphulika awiri okha, ndipo akunyumba adadya asanu ndi awiri osanena kanthu, zomwe kwa iwo ndi kuyamikira kwakukulu. Anayi ndidatumiza kuseri kwa mpanda. Yankho lidabwera ndi mwana yemwe uja: chikopa chakhala bwino, koma mchere ndaumira.

Tsono inu achemwali ndi achimwene ogulitsa padepoti, ndapota nanu: asiyeni masamusawo azirale musanawatsekere m'chibekete, ndipo onjezeranimo supuni ina ya zam'kati. Mukakweza mtengo pang'ono pa chifukwa chimenechi, ine ndigula osadandaula.