TISAGWETSE MKUYU CIFUKWA CA NTHAMBI IMODZI

Anzanga ophunzira, ndifuna kunenapo mau pang'ono za mikuyu ndi kacere zimene ziri m'midzi mwathu muno m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Sanga kufikira ku Chintheche ndi Kande. Mtengo wotere ukakula mopendekeka, nthambi yace ina niweramira pa denga kapena pa njira, eni ace sacedwa kutenga nkhwangwa nagwetsa mtengo wonse. Ine nditi kutero nkulakwa. Cobvuta ciri pa nthambi imodzi, ndipo nthambiyo tingathe kuicotsa iri ndi mizu yace, nikhala mtengo watsopano.

Njira yace ndi iyi. Mvula ikayamba m'mwezi wa December, sankhani nthambi imene iononga maonekedwe a mtengo, yosaposa mpini wa khasu kunenepa kwace. Cekani khungwa mozungulira pa malo awiri otalikirana masentimita 3, nimusende khungwa la pakatipo. Palani ndi mpeni zoterera zotsala pa balapo, cifukwa mukazisiya khungwa lidzalumikizananso. Utomoni woyera udzaturuka. Samalani ungalowe m'maso. Tsopano phimbani bala ndi utuci wonyowa wosanganiza ndi dothi lakuda, kulungani ndi pulasitiki, nimumange ndi luzi kumwamba ndi kumunsi. Pakapita masabata 6 kapena 8 mizu yoyera idzaoneka m'kati mwa pulasitikimo. Dulani nthambi m'munsi mwa mizu, cepetsani masamba, nimuioke m'thumba la dothi pa mthunzi kufikira itagwira. Ngati nthambi yobvutayo iri yaikuru ndithu, yambani mwameretsa mizu pa tinthambi tace, ndipo pambuyo pace muiceke ndi sowo.

Zimenezi si matsenga ai. Madzi akwera kunka ku masamba kupyola m'kati mwa mtengo, koma cakudya copangidwa m'masamba citsika kupyola m'khungwa. Motero khungwa likacoka nthambi siuma, koma cakudya ciunjikana pamwamba pa bala, ndipo mizu iphukira pomwepo. Alimi a ku China anadziwa nzeru imeneyi zaka mazana ambiri zapitazo.

Wina adzati, "Kodi kacere samera wokha ukangozika mtengo wace pansi? Nanga tibvutikiranji?" Nzoona, makolo athu anacita mipanda motero. Koma mtengo wozika uyamba moyo wace wopanda muzu ndi umodzi womwe, ndipo dzuwa likaomba kapena ciswe cikaupeza, ambiri auma. Nthambi yomeretsa mizu idya kwa mai wace kufikira itatha kudzidyetsa yokha.

Winanso adzati nkhuyu ndi cakudya ca mbalame ndi anyani cabe. Aiwala kuti mbuzi zidya nkhuyu ndi masamba omwe, kuti mizu ya mkuyu igwira dothi m'mphepete mwa mitsinje monga Luweya, ndi kuti asodzi asokera maukonde ao pa mthunzi wace. Nkhuni zowambira nsomba zatha kale mitengo yambiri kuno kwathu. Nkhalango ya Mkuwazi iri ndi alonda a Boma, koma mtengo wa pa bwalo la mudzi mlonda wace ndife.

Cenjezo ndi limodzi: musaoke mkuyu kapena kacere pafupi ndi nyumba, cimbudzi kapena mjigo, pakuti mizu yace ipita kutali ning'amba maziko.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu iyamba pa 15 December nitha pa 15 April. Nthambi yokulungidwa m'December idzakhala ndi mizu m'February, mvula ikali kugwa. Ndipempha kuti fomu iri yonse pa sukulu pano iyese nthambi zisanu caka cino, ndi kuti pa holide tikaonetse makolo athu, titayamba tapempha kwa mwini mtengo. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba. Tiyeni tiyang'ane mikuyu yaing'ono lero, nthambi zace zisanafike pa denga.

Wophunzira wa Fomu 3