HER2: cizindikiro cimene cimauza dokotala mankhwala oyenera a khansa ya m'mawere

Amayi awiri, wina wa ku Nyimba wina wa ku Petauke, angapezeke ndi cotupa cofanana m'bere, koma n'kupatsidwa mankhwala osiyana. Sikukondera ayi. Khansa ya m'mawere ili m'mitundu ingapo, ndipo cimodzi cimene cimaisiyanitsa ndi puloteni yocedwa HER2.

Puloteni imeneyi imakhala kunja kwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Nchito yake ndi kulandira uthenga wouza selo kuti likule ndi kugawika. Mwa odwala 15 mpaka 20 pa 100 alionse a khansa ya m'mawere, HER2 imaculuka mopitirira muyeso, ndipo maselo amangogawika osaleka. Mu 1987, Dennis Slamon ndi anzake ku America anaonetsa kuti khansa yotere imabwerera msanga ndipo imapha msanga. Mu 1998 boma la America linavomereza mankhwala a trastuzumab, odziwikanso kuti Herceptin, amene amamatirira pa HER2 n'kuletsa uthengawo. Motero puloteni imodzi ili ndi mbali ziwiri: ndi cizindikiro coonetsa mtundu wa khansa, ndiponso ndi pamene mankhwala amalasa.

Kwa zaka zambiri cotchinga cinali mtengo. Bungwe la WHO linaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2015, ndipo mu December 2019 linavomereza mtundu woyamba wochipirako wopangidwa ndi kampani ina. Pa nthawiyo linati mankhwala oyambirira aja anali kudya pafupifupi madola 20,000 pa wodwala mmodzi. Kutsika kwa mtengo ndi nkhani yabwino, koma kwa ife a kum'mawa funso lalikulu lili patsogolo pa mankhwala: kodi cotupaco capimidwa bwino?

Trastuzumab sathandiza munthu amene khansa yake ilibe HER2 yoculuka. Kuti adziwe, madokotala amadula kanyama kakang'ono pa cotupa n'kukatumiza ku labotale. Kanyamako kayenera kuikidwa mu mankhwala a formalin pasanathe ola limodzi, apo ayi zotsatira zinganame. Zotsatira zimalembedwa 0, 1+, 2+ kapena 3+. Ikakhala 3+, mankhwalawa ndi oyenera. Ikakhala 2+, pafunika kupimanso mwa njira ina. Pa kanyama komweko amaonanso ngati khansayo imakula ndi mahomoni. Ngati ndi conco, mapilisi a tamoxifen, omwa kunyumba tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena kuposa, ndiwo amathandiza.

Cotchinga caciwiri ndi mtunda. Cipatala cacikulu ca khansa, Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, cili ku Lusaka, makilomita pafupifupi 400 kucoka ku Petauke pa mseu wa Great East. Trastuzumab amaperekedwa kawirikawiri pa milungu itatu iliyonse kwa caka cathunthu, kutanthauza maulendo oposa 15, ndipo mtima uyenera kupimidwa pafupipafupi popeza mankhwalawa amatha kuufooketsa. Mayi wodalira cimanga ndi nshawa angayambe bwino, koma n'kulekera panjira ndalama ya basi ikatha pa nthawi ya dzinja.

WHO inaika zolinga zitatu pa khansa ya m'mawere: odwala 60 pa 100 apezeke matenda akali pa siteji 1 kapena 2, kupima konse kuthe m'masiku 60, ndipo 80 pa 100 amalize cithandizo. Palibe cimodzi mwa izi cimene mankhwala atsopano angacite paokha.

Boma lili ndi mbali yake: formalin ndi ziwiya zotengera kanyama zisasowe m'zipatala za Nyimba ndi Kalindawalo, ndipo zotsatira zibwere msanga. Ifenso tili ndi yathu. Cotupa ca m'bere, ngakhale cosawawa, cionetsedwe ku kiliniki mlungu womwewo, ndipo izi zikhudza amuna omwe. Wodwala kapena womuperekeza afunse dokotala kuti, "Kodi HER2 ndi mahomoni zapimidwa, nanga zotsatira zati bwanji?" ndipo asunge pepala lake. Magulu a amayi ndi madikoni m'mipingo, pokonza thandizo, awerengere maulendo a caka conse, osati woyamba wokha.