Olkiluoto 3: Kodi oyang'anira chitetezo ndiwo adachedwetsa ntchito?

Pa 16 Epulo 2023, ng'anjo yachitatu ya nyukiliya ya pachilumba cha Olkiluoto, kumadzulo kwa dziko la Finland, idayamba kupereka magetsi mokhazikika patatha zaka pafupifupi 18 chiyambireni kuimanga. Mgwirizano womwe kampani ya TVO, yomwe ndi mwini malowa, idasainirana mu Disembala 2003 ndi makampani a Siemens ya ku Germany ndi Framatome ANP, nthambi ya kampani ya Areva ya ku France, udati ntchitoyo idzatha m'chaka cha 2009 pamtengo wa mayuro pafupifupi 3 biliyoni. Pomwe magetsi amayamba kuyenda, ndalama zonse zomwe zidalowa m'ntchitoyi zimayerekezedwa kuti zidafika pa mayuro 11 biliyoni.

M'zaka zonsezi omanga akhala akudandaula kuti zikalata zawo zimachedwa kuvomerezedwa ku Finland, ndipo ena adaloza chala bungwe la STUK, lomwe limaona za chitetezo cha anthu ku cheza choopsa ndi mphamvu ya nyukiliya m'dzikolo, ponena kuti lidaumitsa malamulo mopyola muyezo. Dandauloli ndi loyenera kulisanthula bwino chifukwa mayiko ambiri akulowera njira yomweyi. Pamsonkhano wa zanyengo wa COP28 womwe udachitikira ku Dubai mu Disembala 2023, mayiko oposa 20 adalonjeza kuchulukitsa katatu mphamvu ya magetsi a nyukiliya padziko lonse pofika 2050. Kuno ku Africa, dziko la Egypt lidayamba kumanga malo a El Dabaa mu Julayi 2022 mothandizana ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia, pomwe mayiko a Ghana ndi Kenya adalengeza kale chidwi chawo. Boma lililonse lomwe lasainira ntchito yotere limafika tsiku lomwe kontrakitala amati oyendera akumuchedwetsa, ndipo adindo amayenera kusankha mbali.

Dongosolo la dziko la Finland limalekanitsa maudindo momveka bwino. Nyumba ya malamulo idavomereza mu Meyi 2002 kuti ng'anjoyi imangidwe, ndipo boma lidapereka chilolezo chomangira mu Febuluwale 2005. Koma boma silingapereke chilolezo chotere bungwe la STUK lisadatsimikize kuti zofunika pachitetezo zakwaniritsidwa. Bungweli lili pansi pa unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, osati unduna woona za mphamvu zamagetsi, kotero nduna yomwe ikufunitsitsa magetsi ilibe mphamvu pa oyendera. Izi zikugwirizana ndi pangano la mayiko onse la 1994 lokhudza chitetezo cha nyukiliya, lomwe limati bungwe loyang'anira lisiyanitsidwe ndi mabungwe olimbikitsa kugwiritsa ntchito mphamvuyi, komanso kuti udindo woyamba pachitetezo uli m'manja mwa mwini chilolezo. Bungwe la STUK limakhala ndi oyendera ake pamalo omangira, limapita kumafakitale opanga zipangizo ngakhale a kunja kwa dziko, ndipo limaika malire omwe ntchito siingapyole popanda chivomerezo chake.

Vuto loyamba lidabuka ntchito isadapite patali. Kumapeto kwa 2005 omanga adathira silabu yaikulu ya konkire yomwe nyumba ya ng'anjo imakhalapo, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti madzi adachuluka m'konkireyo kuposa muyezo womwe udavomerezedwa. Mmisiri aliyense womanga amadziwa chinyengo chimenechi: konkire yamadzi ambiri imayenda mosavuta pothira, koma ikauma imakhala ndi timipata tolowa chinyezi. Kuyeza kudaonetsa kuti silabuyo ili ndi mphamvu yokwanira kusenza nyumbayo, komabe ntchito yothira konkire idaimitsidwa kwa kanthawi.

Chomwe chidadetsa nkhawa oyendera si konkire yokhayo ayi, koma njira yomwe cholakwikacho chidadutsira osagwidwa. Mu Julayi 2006 bungwe la STUK lidatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa momwe malamulo a chitetezo amafikira kwa makontrakitala ang'onoang'ono. Lipotilo lidapeza kuti posankha makampaniwa mtengo wotsika umapatsidwa mpata waukulu, kuti ena mwa iwo adalibe chizolowezi chilichonse pantchito za nyukiliya, kuti antchito sadaphunzitsidwe mokwanira chifukwa chomwe ndondomeko iliyonse iyenera kutsatidwa ndendende, komanso kuti nthawi yofunika pojambula mapulani atsatanetsatane idachepetsedwa powerengera. Lidadzudzula omanga, lidadzudzula TVO, ndipo lidaperekanso malangizo kwa STUK yeniyeniyo pa momwe ingakonzere kayendera kake.

Mfundo ya makontrakitala ang'onoang'ono ndiyo mtima wa nkhaniyi. Ntchito itafika pachimake, pamalopo padali antchito oposa 4,000 ochokera m'mayiko oposa 50, ndipo makampani omwe adatengapo gawo adaposa 1,000. Lamulo lomwe lalembedwa bwino ku Helsinki limayenera kudutsa kwa mwini malo, kwa kontrakitala wamkulu, kwa yemwe iye walemba ntchito, ndiponso kwa wina wolembedwa ndi ameneyo, kufikira lipeze munthu yemwe wagwira chowotcherera m'manja, yemwe mwina sayankhula chilankhulo cha kapitawo wake. Pamlingo uliwonse lamulolo limatha kusungunukako pang'ono. Izi zidaonekera pa chitsulo chopyapyala chomwe chimayalidwa mkati mwa chipupa cha nyumba ya ng'anjo kuti mpweya woipa usatuluke pakachitika ngozi. Zigawo zake zidawotchereredwa ku Poland, ndipo oyendera adapeza kuti ntchito ina sidatsate ndondomeko yovomerezeka, kotero idakonzedwanso.

Nkhani ya mapaipi akuluakulu oyendetsa madzi oziziritsa ng'anjo ndiyo ikuonetsa bwino maganizidwe a bungwe loyang'anira. Mapaipi oyamba, omwe adasulidwa ku France, adakanidwa ngakhale kuti palibe yemwe adaonetsa kuti ali ndi mng'alu. Vuto lidali lakuti kapangidwe ka mkati mwa chitsulocho sikamalola makina ofufuzira ming'alu, omwe amagwira ntchito ngati sikani ya kuchipatala, kuona bwino. Ng'anjoyi idakonzedwa kuti igwire ntchito zaka 60, ndipo mapaipiwo ayenera kumayezedwa nthawi ndi nthawi m'zaka zonsezo. Paipi yomwe siingayezedwe ndi yoti dziko lingoikhulupirira mwachimbulimbuli kwa mibadwo iwiri. Mapaipiwo adasulidwanso.

Koma chomwe chidadya nthawi yochuluka zedi ndi makompyuta oyendetsera ng'anjo. Malo a nyukiliya amakhala ndi makina a mitundu iwiri: oyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndi otetezera omwe amazimitsa ng'anjo zinthu zikasokonekera. Awiriwa sayenera kudalirana, kuopa kuti vuto limodzi lingagwetse onse nthawi imodzi. Mu Disembala 2008 mkulu wa STUK panthawiyo, a Jukka Laaksonen, adalembera kalata mkulu wa Areva, mayi Anne Lauvergeon, yodandaula kuti mapulani a makinawa sakupita patsogolo ndipo zolakwika zoonekeratu sizikukonzedwa. Mu Novembala 2009 mabungwe oyang'anira chitetezo a ku Finland, France ndi Britain adatulutsa chikalata chimodzi chonena kuti makina awiriwa ndi olumikizana kwambiri, ndipo mapulani ayenera kusinthidwa. Bungwe la STUK lidavomereza dongosolo lonse la makinawa mu Epulo 2014, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi ntchito yomanga itayamba.

Apa ndi pomwe dandaulo la omanga likufowokera. Vuto lomwe mabungwe atatu a mayiko osiyana, kuphatikizapo la kwawo kwa Areva, adaliona mofanana silingatchedwe kuuma mtima kwa dziko limodzi. Chomwe chidachitika n'chakuti makasu adalowa pansi mapulani asadathe. Ng'anjo ya mtundu wa EPR, ya mamegawati 1,600, idali isadamangidwepo kwina kulikonse padziko lapansi. Kampani ya Areva idali isadatsogolerepo ntchito yonse yomanga malo otere, pakuti ku France udindo umenewo umakhala ndi kampani ya magetsi ya EDF. Dziko la Finland nalo lidali lisadamange ng'anjo yatsopano kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo lonjezo lomaliza ntchito yotere m'zaka zinayi lidali kuthamanga kwenikweni. Mkangano wa mbali ziwirizi udapita kubwalo la mayiko onse loweruza nkhani zamalonda, ndipo udatha mu Malichi 2018 pomwe omanga adavomera kulipira TVO mayuro 450 miliyoni chifukwa cha kuchedwako.

Izi sizikutanthauza kuti oyang'anira alibe gawo lawo. Bungwe la STUK lidapereka ndemanga yovomereza chilolezo chomangira mu 2005 mapulani ambiri atsatanetsatane asadafike, podalira kuti lidzawaona ntchito ili mkati. Zotsatira zake, funso lililonse lomwe limafunsa pambuyo pake limapeza antchito ali kale pamalo ndipo ndalama zikutuluka tsiku ndi tsiku. Otsutsa amatchulanso za ku China, komwe ng'anjo yamtundu womwewu ya Taishan 1 idayamba kumangidwa mu 2009 ndi kuyamba kugulitsa magetsi mu Disembala 2018, Olkiluoto 3 isadathe. Komatu omanga a ku Taishan adapindula ndi zolakwika zomwe zidapezeka kale ku Finland, ndipo adali ndi amisiri omwe akhala akumanga ng'anjo imodzi pambuyo pa inzake popanda kulekeza.

Ku France, komwe ng'anjo yachiwiri ya EPR idayamba kumangidwa ku Flamanville mu Disembala 2007, kudabuka phunziro lina loopsa kuposa loyambali. Bungwe loyang'anira la ASN, lomwe kuyambira mu Januwale 2025 lidaphatikizidwa ndi bungwe lina n'kukhala ASNR, lidaimitsa ntchito yothira konkire mu Meyi 2008 chifukwa cha zolakwika pakuika zitsulo zolimbitsira. Mu Epulo 2015 lidalengeza kuti chivindikiro ndi tsinde la mphika wachitsulo womwe umasunga mtima wa ng'anjo zili ndi malo omwe kaboni adachuluka, zomwe zimachepetsa kulimba kwa chitsulo. Zigawozi zidasulidwa kufakitale ya Le Creusot, ndipo kafukufuku wa 2016 adapeza zokayikitsa m'mafayilo a zipangizo pafupifupi 400 zomwe fakitaleyo idapanga kuyambira 1965. Ku South Korea nakonso, mu 2012 ndi 2013, kudaululika kuti ziphaso zotsimikizira ubwino wa zipangizo zina zidali zabodza, ndipo mawaya a ng'anjo za Shin Kori 3 ndi 4, zomwe zimamangidwa panthawiyo, adachotsedwa n'kuikamo ena.

Ntchito yaikulu ya woyang'anira imayenda pamapepala, pakuti palibe bungwe lomwe lingaimirire pambali pa wowotcherera aliyense. Koma pepala likanama, woyendera yemwe amangowerenga mafayilo muofesi amasainira bodza ndi mtima woyera. N'chifukwa chake bungwe lotere limafunika mainjiniya ake odziwa kuyeza okha, ndalama zoyendera mafakitale akutali, ndi mphamvu ya lamulo yoimitsa ntchito. Mu Juni 2019 bungwe la ASN lidalamula EDF kuti ikonzenso malo asanu ndi atatu owotcherera pamapaipi odutsa m'chipupa cha nyumba ya ng'anjo isadayatse moto, ngakhale kuti kampaniyo imafuna kudzakonza pambuyo pake. Ng'anjo ya Flamanville 3 idalumikizidwa kumawaya a dziko pa 21 Disembala 2024, ndipo EDF idati mtengo wake udakwera kuchoka pa mayuro 3.3 biliyoni kufika pa 13.2 biliyoni.

Dziko la Malawi silikumanga malo opangira magetsi a nyukiliya, koma nkhaniyi siyachilendo kwenikweni kuno. Dziko lino lidalowa m'bungwe la mayiko onse loona za mphamvu ya nyukiliya la IAEA mu 2006, lili ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera m'boma la Karonga, ndipo lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zipangizo zotulutsa cheza. Funso lomwe dziko la Finland lidayankha, lakuti kodi woyendera angakane ntchito yomwe boma likuifuna mwachangu, limafika patebulo la bungwe lililonse lotere, likhale lalikulu kapena laling'ono.

Ku Olkiluoto, oyendera sadafewetse dzanja ngakhale kumapeto. Pamayeso a 2018 paipi ina yolumikizana ndi ng'anjo idapezeka kuti ikunjenjemera kupyola muyezo, ndipo padaikidwa zipangizo zochepetsa kunjenjemerako. Boma lidapereka chilolezo chogwirira ntchito mu Malichi 2019, koma yureniyamu adalowetsedwa mu ng'anjo mu Malichi 2021 bungwe la STUK litapereka chivomerezo chake chapadera. Ng'anjo idayatsidwa koyamba pa 21 Disembala 2021 ndipo idalumikizidwa kumawaya a dziko mu Malichi 2022. Payokha imatha kupereka pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a magetsi omwe dziko la Finland limagwiritsa ntchito.

Pantchito yotsatira, dziko la Finland lidasintha kachitidwe. Kampani ya Fennovoima idapempha mu 2015 chilolezo chomangira ng'anjo ya Hanhikivi 1 ku Pyhäjoki mothandizana ndi Rosatom, ndipo bungwe la STUK lidati silipereka ndemanga yake ya chitetezo kufikira litalandira zikalata zokwanira za mapulani. Zikalatazo zidabwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mu Meyi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, Fennovoima idathetsa mgwirizano wake ndi Rosatom ndi kubweza pempho lake. Zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri zidali zitadutsa, chilolezo chidali chisadaperekedwe, ndipo konkire ya nyumba ya ng'anjo idali isadathiridwe.