Chilengezo cha okhala m'tsinde mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje

Ife okhala m'tsinde mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, kuyambira ku Soche mpaka ku Makhanga, tagwirizana kulankhula ndi pakamwa pamodzi.

Tidaziona ndi maso athu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi zimiyala zidakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo abale athu tidawafukula ndi makasu. M'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mu 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, magetsi nkuvuta. A ku Phalombe sadaiwale za madzi osefukira a mu 1991.

Makolo ankati napolo wadutsa. Ife tikuti napoloyo tikumulambulira tokha njira: mitengo yathera ku makala, mchenga tikukumba mpaka gombe kugumuka, ngalande zatsekeka ndi majumbo, mapuloti akugulitsidwa m'makwawa. Nyengo yasintha, mvula ikugwa yaukali, ndipo madzi saiwala khwawa.

Musatinene kuti ndife osamva. Amene amamanga pamtsetse ndi amene alibe ndalama ya puloti ya kumtunda. Amene amabwerera kudambo amatsata dimba lomwe limadyetsa ana ake. Kutiuza kuti tisamuke popanda kutionetsa kopita nkungotinamiza.

Choncho tikufuna izi:

1. Makhonsolo ajambule mapu oonetsa malo oopsa, awapachike pamisika ndi kwa mafumu m'zilankhulo zathu.

2. Malo osamukirako akhale ndi mjigo, sukulu, chipatala ndi msewu anthu asanafike, ndipo madimba athu asalandidwe.

3. Wogulitsa puloti m'khwawa, kaya ndi mfumu kaya bwana wa mu ofesi, ayankhe mlandu.

4. Lamulo loona za mapulani a malo la 2016 ligwire ntchito kwa onse. Lisagwetse chisakasa cha mphawi nkusiya mpanda wa wolemera womwe watseka njira ya madzi.

5. Pokonza mapulani, ife tikhale nawo pabwalo, amayi ndi achinyamata omwe.

Nafenso tikulonjeza: tidzala mitengo ndi nsungwi m'magombe, tiyeretsa ngalande, ndipo chenjezo likamveka pawailesi tidziwitsana khomo ndi khomo.

Inu amene nyumba yanu imanjenjemera mtsinje ukadzaza, bwerani tigwirane manja. Ntchitoyi tiyambe chilimwe chino, mitambo isanade.