Makiyi a Tsamba la Intaneti Akhale ndi Eni Uthenga

Mabungwe ambiri a kafukufuku wa zaulimi m'chigawo chathu chino ali ndi masamba awo a pa intaneti, koma mlangizi aliyense amene anayesapo kufunafuna uthenga wa nyengo imene tilimo akudziwa mmene ena mwa masambawa alili. Nkhani yomaliza inalembedwa zaka zingapo zapitazo, ndipo maina olembedwapo ndi a anthu amene anapuma kale pa ntchito. Gwero la vutoli ndi lodziwika. Tsamba limamangidwa ndi katswiri wolembedwa ntchito ya kanthawi pa ndalama za pulojekiti, ndiye pulojekiti ikatha katswiriyo amachoka ndi makiyi ake, eni uthenga nkutsala panja. Maganizo anga ndi akuti malo athu a kafukufuku asiye masamba ofuna katswiri pa kusintha kulikonse, ndipo agwiritse ntchito mapulogalamu osavuta amene ofufuza ndi alangizi angalembemo okha.

Pulogalamu yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyambitsa m'chaka cha 2003. Poyamba inali ya anthu ofuna kulemba nkhani zawo tsiku ndi tsiku, koma lero masamba oposa 40 mwa masamba 100 aliwonse a pa intaneti akuyendera pulogalamuyi. Siigulidwa, ngakhale kuti malo osungirako tsamba ndi dzina lake zimalipiridwa. Munthu wodziwa kutayipa kalata pa kompyuta angathe kulembamo nkhani, kuikamo chithunzi cha mbewu yogwidwa ndi matenda, ndi kuitulutsa tsiku lomwelo, ngakhale ali kutali ndi likulu.

Kufunika kwa changu chotere tinakuona pamene mbozi zachilendo zodya chimanga, zimene zinapezeka koyamba kumadzulo kwa Afirika m'chaka cha 2016, zinafika ku Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique mu nyengo ya dzinja ya 2016 ndi 2017. Mbozizi sizinaime pa malire kudikira chiphaso. Mlangizi wa ku Chipata, wa ku Mchinji ndi wa ku Angónia anafunsidwa funso limodzi ndi alimi awo m'masabata omwewo. Pa nthawi ngati imeneyo, uthenga wodikira kabuku kosindikizidwa umafika chimanga chitatha kale kudyedwa.

Alipo akuluakulu amene amaopa kuti aliyense akapatsidwa mwayi wolemba, patsambapo padzadzaza mphekesera. Nkhawayi ndi yomveka, pakuti mulingo wa mankhwala wolembedwa molakwika ukhoza kupha mbewu kapena munthu. Komabe pulogalamuyi imagawa maudindo. Pali wolemba amene saloledwa kutulutsa yekha zimene walemba, pali mkonzi amene amawerenga ndi kuvomereza, ndipo pali woyang'anira tsamba lonse. Imasunganso zonse zimene zasinthidwa m'nkhani pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Choncho mlangizi wa kumudzi alembe zimene waona m'munda, wofufuza wa ku Chitedze kapena ku Msekera atsimikize, mkonzi atulutse. Mutu umodzi susenza denga.

Phindu lina ndi kusanja nkhani m'magulu, monga a chimanga, mtedza, chinangwa ndi ziweto, ndiponso kuika pa nkhani mawu oifufuzira. Kwa ife ogwira ntchito m'maiko oyandikana ichi ndi chachikulu, chifukwa mbewu imodzi imakhala ndi maina osiyana. Mtedza umene ku Malawi umatchedwa CG 7, ku Zambia ndi MGV 4. Nkhani ikakhala ndi maina onse awiri, mlangizi wa mbali iliyonse ya malire adzaipeza, ndipo sadzauza mlimi kuti akafune mbewu imene ali nayo kale m'nkhokwe.

Koma pali msampha umene tiyenera kuuchenjerera. Pulogalamuyi imaika nkhani zatsopano pamwamba, zakale nkumatsikira pansi osafafanizika. Munthu wofufuza pa Google angathe kugwera pa malangizo a zaka khumi zapitazo nkuwatenga ngati a lero. Mankhwala a endosulfan, amene kale ankapoperedwa m'minda ya thonje, anaikidwa m'gulu la mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa pangano la Stockholm m'chaka cha 2011, koma tsamba losasamalidwa lingapitirize kuwalimbikitsa mpaka pano. Nchifukwa chake nkhani iliyonse ya malangizo izionetsa tsiku limene inalembedwa, dziko ndi dera limene ikugwira ntchito, ndiponso ofesi imene inaivomereza. Mvula isanayambe chaka chilichonse, mkonzi aziwerenganso malangizo onse a mbewu, feteleza ndi mankhwala, achotse kapena akonze zimene zatha ntchito.

Ena amafunsa kuti tsamba la pa intaneti lithandiza chiyani kwa mlimi wopanda foni yamakono. Yankho ndi lakuti tsambalo ndi nkhokwe ya mlangizi. Iye amatapamo uthenga wotsimikizika nkukaufikitsa ku kalabu ya alimi, ku munda wachitsanzo, pa wailesi ya m'dera kapena pa WhatsApp. Kuti zimenezi zitheke, nkhani zikhale zazifupi, zithunzi zikhale zopepuka poganizira kukwera mtengo kwa intaneti, ndipo zilembedwe m'Chichewa ndi zilankhulo zina za alimi, osati m'Chingerezi ndi Chipwitikizi chokha.

Pomaliza, ndikupempha atsogoleri a malo a kafukufuku zinthu zitatu. Dzina la tsamba ndi mawu achinsinsi olowera zilembedwe m'dzina la bungwe, ndipo zidziwike kwa anthu osachepera awiri. Pulogalamu ndi tizigawo take toonjezera zizikonzedwa kuti zikhale zatsopano nthawi zonse, popeza akuba a pa intaneti amalowera pa zimene zasiyidwa kalekale, ndipo zonse zolembedwa zizisungidwanso pamalo ena. Ndalama zolipirira tsamba zikhale mu bajeti ya chaka ndi chaka ya bungwe, osadalira wopereka thandizo. Zitatuzi zikachitika, ntchito yotsala ndi yathu alangizi, yolemba zimene tikuona m'minda nyengo isanapite.