Digiri ya kemisitiri iyambire m'nkhokwe

Mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Atafufuza, akatswiri anapeza poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amachokera ku chuku cha Aspergillus flavus. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo saopa moto: ngakhale mtedza ukazingidwe, iye satheratu. Mu 2004, anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chachuku.

Chuku chomwechi chimagwiranso mtedza wa ku Mchinji, Chipata ndi Angónia ukasungidwa usanaume bwino, ndipo nsinjiro zake zimathera m'phala la ana. Choncho wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu ku Zomba, Bunda kapena Lusaka asachite manyazi kufunafuna mutu wa kafukufuku m'nkhokwe yakwawo. Kuyeza poizoni wosaoneka ndi maso m'chiponde ndi sayansi yozama ndithu.

Komatu khasu lopanda mpini sililima. Maboma akapanda kugulira mayunivesite makina ndi mankhwala oyezera, mitu ya kafukufuku idzasankhidwabe ndi opereka ndalama akunja, ndipo akatswiri ophunzitsidwa movutikira adzapitiriza kusamukira kumene kuli zipangizo.