PAKHOMO PATHU: Nsima ya Nsalu ku Masanje



Tonsefe tinakulira ku masanje. Tinkapempha kaufa ka kondowole kwa amayi, anyamata nkubwera ndi tiusipa ta kudooko, ife nkusonkha moto kuseri kwa nyumba. Mthiko tinaphunzirira kumeneko. Koma chaka chatha, mwera utafika pachimake, mdzukulu wanga wa zaka 4 anapsa mwendo. Akulu ake anasonkha moto, mphepo nkukankhira lawi pa diresi lake. Alhamdulillah anachira, koma chipsera chilipobe.

Masanjewo sindinawaletse ayi. Mwana mukamletsa amakachitira kuthengo kumene diso lanu silifika. Ndinapita kwa atelala a pamsika ku Linga nkupempha zidutswa za nsalu zimene amangosesa madzulo. Ndi singano ndi ulusi, ndinawasokera ana ang'onowo chakudya chosafuna moto.

Mtanda wa nsima ndiwo wosavuta. Dulani nsalu yoyera mozungulira ngati kambale, sokani m'mphepete, ikani thonje kapena tizidutswa tofewa pakati, kenaka kokani ulusi nkumanga. Nsalu yotuwirako imatulutsa kondowole weniweni. Chambo chimafuna zidutswa ziwiri zofanana ndi chikhatho cha mwana, ndipo diso musoke ndi ulusi wakuda. Mabatani ndi mikanda musaike, wamng'ono angameze. Nsalu yofiirira ikhale mandasi, yobiriwira muidule timizeremizere ikhale chigwada. Kathumba koyera kakhale mpunga, mbewu imene inafala kuno ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, amene anafika m'zaka za m'ma 1840. Mankhusu a mpunga musaikemo, chifukwa akanyowa amaola. Za thonje mumangochapa nkuyanika.

Mayi wina anandifunsa ngati zidole zotere nzololedwa pa Chisilamu. Mu hadith za Imam Bukhari muli nkhani yakuti Bibi Aisha (RA) ankasewera ndi zidole pamodzi ndi anzake m'nyumba ya Mtumiki Muhammad (SAW), ndipo iye sanawaletse. Nanga mtanda wa nsalu ungalakwe chiyani?

Phindu lalikulu ndaliona pamkeka. Ana akandiitana kuti, "Agogo, chakudya chapsa," ndimakhala pansi nkudikira madzi osamba m'manja. Akaiwala Bismillah, dzanja sinditambasula. Pajatu Mtumiki (SAW) anaphunzitsa mnyamata Umar ibn Abi Salama ali pambale pomwepo kuti atchule dzina la Allah, adye ndi dzanja lamanja, ndiponso adye za mbali yake. Pa Ramadan yapitayi, ana omwewa ankakonza futali yawo ya nsalu, nkupatula mbale imodzi kuti "iyi nja oyandikana nawo." Palibe anawauza. Anangoona zimene timachita akulufe.

Ana osinkhuka, a zaka 8 kupita m'tsogolo, aziphikabe zenizeni, pakuti kondowole saphunzirira pa nsalu. Koma mafuwa awo akhale pabwalo pamene mukuwaona, kutali ndi denga la udzu, ndowa ya madzi ili pambali.

Idi ikamayandikira, atelala amakhala ndi zidutswa zambiri. Kapempheniko msanga, amayi anzanga, ndipo abambo muwasemere ana timithiko ndi tizipande. Allah atisungire ana athu. Ameen.